Kodi "Sindidadziwe" Amacotsa Mlandu? Za Lamulo Lacisanu ndi Mankhwala a M'munda

Pa malamulo khumi a Mulungu, lamulo lacisanu ndilo limene akatekumeni ambiri amaliphunzira ndi mtima wopepuka. Mphunzitsi akafika pa lamulo lacisanu ndi cimodzi kapena lacisanu ndi ciwiri, mitu imawerama ndipo maso amayang'ana pansi. Koma pa lamulo loletsa kupha aliyense amakhala tsonga, poti mumtima akuti: Ine sindidagwirepo mkondo kapena nkhwangwa pa munthu mnzanga, ndipo ufiti sindiudziwa. Tikamva za kupha timaganiza za mwazi, za mkwiyo ndi za nkhondo, pakuti nkhondo tidaiona ndi maso athu m'dziko lino kufikira caka ca 1992. Koma iripo imfa ina yopanda mkondo ndi yopanda mkwiyo, imene imalowa m'mudzi itakulungidwa m'kapepala kapena itathiridwa m'kabotolo, ndipo timaigula tokha pa msika ndi ndalama zathu. Funso limene tiri kulisinkhasinkha pano, abale anga okonzekera Ubatizo, ndi ili: munthu akafa ndi mankhwala a m'munda, popanda wina aliyense amene adafuna imfa yake, kodi pali chimo? Ngati liripo, ndi la yani?

Tiyambe ndi liu lenilenilo. M'cilankhulo cathu liu loti mankhwala limasenza katundu wambiri. Zimene namwino amapereka kwa mwana wodwala malungo ndi mankhwala. Mizu imene agogo amanyika m'madzi ndi mankhwala. Cithumwa ndi mankhwala. Ndiponso madzi onunkha aja amene timapopera pa matimati ndi mankhwala. Apwitikizi ali ndi mau awiri, remédio ndi veneno, cociritsa ndi cakupha, ndipo mwana wao sangasokoneze ziwirizi. Ifenso liu loti ciphe tiri nalo, koma timalisungira mfiti ndi njoka. Botolo logulidwa kusitolo timalipatsa dzina la ulemu. Tsono mwana akamva kuti awo ndi mankhwala a abambo, mutu wake umamuuza kuti ndi cinthu cociritsa. Ngakhale akulu amakodwa mu msampha womwewo: alipo amene amapaka mankhwala a thonje pa mutu wa mwana kuti aphe nsabwe, ena amawaza pa mphasa kuti aphe nsikidzi, ena amapaka pa mphere. M'phunziro lino tidzawachula ndi dzina lao loona. Ndi ciphe cimene tidaciweta kuti citigwirire nchito, monga timawetera galu wolusa.

Asaganize wina kuti Eklezia amaletsa mlimi kuteteza mbeu zake. Amene adaonapo cimanga ca caka cathunthu citasanduka fumbi ndi nankafumbwe sangalankhule mopepuka za nkhaniyi. Nchembere zandonda za mtundu watsopano, zimene zidafika mu Africa mu 2016 ndipo m'dziko lathu mu 2017, zimalowa mu mtima weniweni wa cimanga. Mbatata za ku Angónia ndi ku Tsangano zimapsa masamba mvula ikacuruka. Fodya wa ku Macanga ndi thonje la ku Niassa ziri ndi adani ao. Njala nayonso imapha, ndipo kudyetsa banja ndi udindo umene Mulungu adaupereka kwa makolo. Makolo athu adati walira mvula walira matope. Tidalira zokolola zambiri, ndipo matope ake ndi awa. Funso lathu tsono ndi la kayendedwe ka munthu wa Mulungu m'matope amenewa.

Ciphe cimalowa m'thupi pa makomo atatu: pakamwa, pamphuno ndi pakhungu. Khomo lacitatu ndilo limene ambiri salikhulupirira, cifukwa timaganiza kuti khungu liri ngati cikopa ca ng'oma. Koma khungu limamwa, makamaka likakhala ndi thukuta. Yang'anani mnyamata wopopera matimati kudimba dzuwa liri pamutu. Ali wopanda nsapato, malaya adawabvula cifukwa ca kutentha, mpope wa kumsana ukudontha ndipo madzi ake akutsika ndi msana. Posakaniza adabvundula ndi dzanja. Kapaipi katatsekeka amakaika pakamwa nauzira. Akatopa amakhala pansi, napiringiza fodya ndi zala zomwezo. Madzulo mutu uli kumuwawa, maso akucita cidima, mtima ukucita nseru, ndipo a kwao akuti ndi malungo. Zobvala zakezo adzacapa ndi mkazi wake, mwina ali ndi pakati, pa mtsinje pomwe ena akutunga madzi akumwa.

Mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi a mtundu umene akatswiri amauchula kuti organofosfeti, ndipo kagwiridwe kao ka nchito ndi koyenera kukadziwa. M'thupi mwathu mitsempha imatumiza mauthenga ku minofu, ku mtima, ku mapapo ndi ku matumbo, ndipo muli kanthu kena kamene nchito yake ndi kuzimitsa uthenga uliwonse ukafika, kuti ciwalo cipumule. Ciphe cimamanga kanthu kameneko. Uthenga suleka, uli ngati ng'oma imene woyimba wake sakuthanso kuisiya. Thukuta limatuluka ngati madzi, malovu ndi misozi zimayenderera, kamwana ka diso kamacepa ngati njere ya mawere, munthu amasanza ndi kutsekula m'mimba, minofu imanjenjemera, ndipo potsiriza mapapo amadzala madzi. Munthuyo amamira ali pamtunda. Kacirombo ka pa tsamba kamafa imfa yomweyo, pakuti mitsempha yake ndi yathu zimagwira nchito mofanana. Amene adapanga mankhwalawo sadathe kuwaphunzitsa kusiyanitsa mbozi ndi mwana wa munthu.

Tsopano tibwere ku mlandu. Mudaphunzira kuti chimo lalikulu limafuna zinthu zitatu: nkhani ikhale yaikulu, munthu adziwe bwino cimene akucita, ndipo acifune ndi mtima wake wonse. Potero tate amene mwana wake wamwa ciphe ca m'botolo la zakumwa zotsekemera sali wambanda. Sadafune, ndipo cisoni cake cikuposa cilango ciriconse cimene bwalo lingampatse. Munthu wotere timamtonthoza, sitimuloza cala. Koma tisathamangire kutseka nkhani pamenepa, cifukwa Malembo Oyera saitsekera pamenepa. M'buku la Eksodo, mutu 21, muli malamulo awiri amene mlimi aliyense angawamve. Munthu akakumba dzenje nalisiya losabvundikira, ng'ombe kapena bulu wa mnzake nagweramo, mwini dzenje ayenera kulipira. Ndipo ng'ombe ikagunda munthu nimupha, mwini wake alibe mlandu ngati inali nthawi yoyamba. Koma ngati ng'ombeyo idali yodziwika kale kuti imagunda, mwini wake adacenjezedwa koma osaitsekera, mlandu wa imfayo uli pa iye. M'buku la Deuteronomo, mutu 22, womanga nyumba akulamulidwa kuchinga m'mbali mwa denga lake, poti anthu a dziko lija ankakhala pamwamba pa nyumba, kuti wina angagwe mwazi wake nukhala pa banjalo. Pa nkhani zitatuzi palibe amene adafuna kupha. Komabe Mulungu akufunsa za dzenje, za khola ndi za denga. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 akuphunzitsa cimodzimodzi: imfa imene munthu sadaifune siwerengedwa ngati kupha dala, koma amene wacita cinthu codzetsa imfa popanda cifukwa cokwanira sakhala wopanda mlandu waukulu.

Apa ndipo pamatuluka mau aja amene timathawirako tonse: Sindidadziwe. Tomás Woyera wa ku Aquino, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia wa zaka za m'ma 1200, adasiyanitsa mitundu ya kusadziwa. Pali kusadziwa kumene munthu sakadatha kukugonjetsa ngakhale akadayesetsa. Kumeneko kumacotsa mlandu. Pali kusadziwa kumene munthu akadakugonjetsa akadangofunsa, koma ulesi kapena manyazi zidamgwira. Kumeneko kumacepetsa mlandu koma osaucotsa. Ndipo pali kusadziwa kofuna dala, pamene munthu amatseka makutu cifukwa akuopa kuti akadziwa adzayenera kusintha kapena kutaya phindu. Kumeneko sikucepetsa kanthu konse. Makolo athu sadawerenge Tomás, koma adanena kuti safunsa adadya phula. Cosiyana n'cakuti pa nkhani yathu ino amene sadafunse ndi wina, ndipo wodya phula ndi wina.

Nkhani ziwiri za kutali zitithandize kuyesa mitundu imeneyi. Mu 1971 dziko la Iraq lidalandira tirigu wa mbeu wocokera kunja, wopakidwa mankhwala a mercury oteteza ku cuku, ndipo adampaka utoto wofiirira kuti ukhale cenjezo. Mbeuyo idafika mocedwa, ambiri atabzala kale. Mau a cenjezo pa matumba adali m'Cisipanishi ndi m'Cingerezi, zilankhulo zimene alimi a kumeneko sankaziwerenga. Anthu adatsuka utotowo naganiza kuti ciphe capita nao. Ena adayamba adyetsa nkhuku, ndipo poona kuti sizidafe msanga adapera tiriguyo naphika buledi. Koma ciphe ca mercury cimabisala m'thupi masabata angapo cisanaoneke. Anthu oposa 6,000 adagonekedwa m'zipatala, ndipo 459 adafera komweko. Kodi tinganene kuti alimi aja adacimwa? Adayesa monga mwa nzeru zao. Mlandu wolemera udali pa anthu ophunzira amene adatumiza ciphe kwa anthu osauka ndi cenjezo losawerengeka. Nkhaniyi isatikhalire ngati nthano, pakuti mbeu ya cimanga yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira tiri nayo m'nyumba zathu, ndipo m'miyezi ya njala yotsalayo imayang'anidwa ndi maso a njala. Kutsuka kumacotsa utoto, ciphe cimatsala.

Nkhani yaciwiri ndi ya mu 2013, ku Bihar m'dziko la India. Ana 23 a pa sukulu ina ya kumudzi adafa atadya cakudya ca masana. Ofufuza adapeza kuti mafuta ophikira adali ndi ciphe ca m'munda cochedwa monocrotophos, ndipo adasungidwa m'cigubu cimene kale cidali ca mankhwalawo. Zidamveka kuti mai wophika adadandaula kuti mafutawo sakuoneka bwino, koma adauzidwa kuti apitirize kuphika. Apa ng'ombe idaonetsa nyanga, cenjezo lidaperekedwa, ndipo khola silidatsekedwe. Tsono yendani m'mudzi mwanu muwerenge zigubu za mankhwala zimene lero muli mcere, mafuta, thobwa kapena madzi a kumunda. Cigubu n'cokongola, n'colimba, ndipo kucitaya kumaoneka ngati kuononga. Koma pulasitiki amamwa ciphe ndipo sopo sacicotsa conse. Cigubu cotere cicapidwe katatu, madzi ocapirawo athiridwe mu mpope, ndipo cibooledwe kuti wina asacitole.

Pa zonsezi tikuona lamulo limodzi la cikumbumtima: mlandu umakula pamodzi ndi cidziwitso. Agogo osadziwa kuwerenga amene adagula kapepala ka ufa wakuda pa msika ali ndi mlandu wocepa. Wogulitsa amene adatsegula cigubu cokhala ndi mzere wofiira ndi cithunzi ca cigaza, nagawa mankhwalawo m'timabotolo topanda dzina kuti apindule kawiri, adacotsa cenjezo ndi manja ake. Mwini munda amene amatuma waganyu kukapopera tsiku lonse ali cimbulanda, iye mwini ataima patali kumene mphepo siikupita, akudziwa cimene akuthawa. Ndipo pali mcitidwe wina umene ndiunena mosabisa, cifukwa ocita ake ena amakhala pa mipando ya kutsogolo m'chalichi. Mankhwala aliwonse ali ndi masiku ake odikira, olembedwa pa cikalata ca pa botolo, amene ayenera kupita mbeu isanakololedwe. Alipo alimi amene amapopera matimati kapena kabici lero, mawa nathyola kupita nazo ku msika, kuti zioneke zowala ndi kuti zisaole msanga. Koma mzere wa ndiwo za banja lao saupopera. Munthu wotere sanganene kuti sadadziwe, pakuti mzere uja ndi mboni yomutsutsa. Wogula saoneka nkhope, ali kutali ku Tete kapena ku Nampula, ndipo akadwala sadzadziwa kumene nthenda yacokera. Koma Mulungu amamdziwa dzina. Cimodzimodzi amene amathira mankhwala a m'munda pa dziwe kuti atole nsomba. Makolo ankagwiritsa nchito katupe, ndipo ngakhale iyeyo adali woononga. Koma ciphe ca m'botolo cimapha nsomba, acule ndi zonse za m'madzi, cimatsika ndi mtsinje kwa anthu a kumunsi, ndipo nsombazo zimakagulitsidwa. Malemu Papa Francisco, m'kalata yake Laudato Si' ya mu 2015, adachula mankhwala a ulimi pakati pa zinthu zimene zikuipitsa nthaka ndi madzi, nakumbutsa kuti oyamba kubvutika ndi osauka.

Wina adzandiyankha kuti: Aphunzitsi, mau anu ndi okoma, koma magolovesi, nsapato za mphira ndi cophimba kumaso zimafuna ndalama zimene ine ndiribe, cikalata ca pa botolo ciri m'Cipwitikizi, ndipo mankhwala odutsa m'malire ali m'Cingerezi, mlangizi wa ulimi sindidamuone caka cino. Yankho limeneli liri ndi coonadi cambiri, ndipo sindifuna kulipeputsa. Mulungu salamula zosatheka. Zobvala zija adazipangira maiko ozizira, ndipo amene adayesapo kuzibvala mu Okutobala akudziwa kuti munthu sakhalamo nthawi yaitali. N'cifukwa cake katundu wolemera ayenera kusenzedwa ndi amene ali ndi mphamvu: opanga, oitanitsa ndi boma. Ngati mankhwala ena sangagwiritsidwe nchito bwino ndi mlimi wamba wa dziko lotentha, kuwagulitsa kwa iye ndi kukumba dzenje pa njira ya anthu akhungu. Boma lathu lidabvomereza zimenezi mu 2014, pamene mothandizana ndi bungwe la FAO lidafafaniza m'kaundula mankhwala makumi angapo oopsa koposa, pakati pao paraquat wophera udzu. Koma lamulo lolembedwa ku Maputo liribe miyendo yoyendera misika yonse ya m'malire, ndipo Mkristu amene akugulitsa mankhwala oletsedwa mobisa asadzinamize kuti wacenjerera boma lokha.

Komabe umphawi sufafaniza zonse. Kupopera m'mamawa mphepo isanayambe, kuyenda mphepo iri kumbuyo, kubvala malaya a manja aatali ndi buluku, kubvundula ndi mtengo, kutsegula kapaipi ndi kaudzu, kusamba ndi sopo usanagwire cakudya, kucotsa ana ndi amai apakati kumunda tsiku lopopera, kupita ndi botolo kwa mwana wa sukulu kuti akuwerengere: zonsezi sizifuna metikali ngakhale imodzi. Zimafuna kuti munthu akhulupirire kuti thupi lake si lake yekha. Amuna ambiri amaona kudziteteza ngati mantha, ndipo amanyada kuti thupi lao lidazolowera. Ena amati akamwa mkaka pambuyo pake ciphe cimasungunuka. Thupi silizolowera ciphe, ndipo mkaka sucicotsa. Lamulo lacisanu limateteza moyo wa mnzako ndi wako womwe, pakuti moyo tidacita kubwerekedwa.

Ndinenepo za mapiritsi otuwa aja oika m'matumba a cimanga. Kale cimanga cinkagona m'nkhokwe panja. Lero, poopa akuba, timacitonola ndi kuciika m'matumba m'cipinda momwe timagona. Mapiritsi amenewa akakhudzana ndi cinyezi ca mumpweya amatulutsa mpweya wakupha, ndipo mpweyawo sudziwa kuti thumba limathera pati. Adawapangira nkhokwe zotsekeka bwino, kutali ndi pogona anthu, m'manja mwa anthu ophunzitsidwa. M'nyumba ya banja oyamba kugwa ndi ana ang'ono ogona pansi pafupi ndi matumba, ndipo ku cipatala kulibe mankhwala othetsa ciphe cimeneci.

Ndipo ana akafa usiku umodzi m'nyumba imodzi, mudzi umanena ciani? Apa lamulo lacisanu limakumana ndi lacisanu ndi citatu, loletsa umboni wonama. Imfa yadzidzidzi, ya thovu kukamwa ndi kunjenjemera, timaithamangitsira kwa woombeza, ndipo woombeza sasowa dzina: nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, mkazi wamasiye, mbale amene mudakangana naye za malire a munda. Kumbukirani za ku Chitima, m'cigawo cathu ca Tete, mu Januwale 2015, pamene anthu 75 adafa atamwa mowa wa masese pa maliro. Mbiri idawanda msanga kuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Ena ankaganizira mankhwala a m'munda. Patapita miyezi, akatswiri oyeza adapeza kuti cidapha anthu ndi ciphe copangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tidamera mu ufa wa cimanga woonongeka umene adafululira mowawo. Panalibe mfiti, panalibe ng'ona, ndipo mai wofululayo adafa nao pamodzi. Anthu akadakhutira ndi mbiri yoyamba ija, wina wosalakwa akadasenza imfa 75, ndipo ufa woola ukadapitirira kulowa m'miphika. Kunamizira ufiti kumabvulaza kawiri: kumaononga wosalakwa, ndipo kumasiya botolo lenileni pamalo pomwe lidali, kudikira mwana wina.

Tsopano ndifike pa mbali yolemera koposa, imene sitikonda kuichula. Si onse amene amamwa ciphe mwangozi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene m'Cipwitikizi timati OMS, limawerengera kuti mwa anthu asanu aliwonse odzipha pa dziko lapansi, mmodzi amadzipha ndi mankhwala a m'munda, ndipo ambiri a iwo ndi anthu a kumidzi ngati ife. Kuno kwathu ndi kutsidya kwa malire ku Malawi dzina la tameki limadziwika ndi mwana yemwe, ndipo sikuti limadziwika cifukwa ca makoswe okha. Mtsikana wapezeka ndi pakati ndipo akuopa atate ake. Mlimi wagulitsa fodya ndipo ngongole yadya ndalama zonse. Mwamuna ndi mkazi akangana usiku, mowa uli m'mutu. Ofufuza a ku Asia adapeza kuti ambiri mwa anthu otere sakhala atakonzekera kwa masiku. Maganizo amawafikira ngati kabvumvulu, ndipo ngati kabvumvulu amapitanso. Cimene cimasiyanitsa amene adzaona dzuwa la mawa ndi amene sadzaliona, kawirikawiri ndi cinthu cimene dzanja lidapeza pafupi pa ola limenelo. Paraquat ndiye wankhanza koposa pa nkhaniyi: kamwa limodzi lingathe kupha, palibe mankhwala omuthetsa, ndipo amaononga mapapo pang'onopang'ono, kotero kuti munthu amakhala masiku angapo ali maso, mkwiyo utatha kale, akupempha kuti amciritse.

Dziko la Sri Lanka latiphunzitsa kanthu. Mu 1995 lidali pakati pa maiko amene anthu ankadzipha kwambiri pa dziko lonse. Boma lidaletsa mankhwala oopsa koposa pang'onopang'ono: ena mu 1984, ena mu 1995, endosulfan mu 1998, ndipo paraquat ndi ena awiri pakati pa 2008 ndi 2011. Pofika 2015 ciwerengero ca odzipha cidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 aliwonse, ndipo ofufuza amawerengera kuti miyoyo pafupifupi 93,000 idapulumuka m'zaka 20. Zokolola za mpunga sizidatsike. Mabvuto a m'mabanja sadathe, ngongole sizidathe, anthu ena ankamwabe mankhwala. Koma zimene ankamwazo sizinkapha msanga, ndipo cipatala cinkapeza nthawi. Tsono amene amanena kuti wofuna kufa adzafabe, ngakhale ubise botolo, akutsutsidwa ndi anthu zikwi zambiri amene lero akulera adzukulu ao.

Eklezia amaphunzitsa kuti kudzipha ndi coipa cacikulu, cifukwa kumakana mphatso ya Mulungu ndipo kumasiya bala m'banja limene silipola msanga. Koma amaphunzitsanso kuti kusokonezeka kwa maganizo, nkhawa yaikulu ndi mantha zingacepetse mlandu wa munthuyo, ndipo kuti tisataye mtima za cipulumutso cake, poti Mulungu ali ndi njira zake zimene ife sitizidziwa. Malamulo a Eklezia a mu 1917 ankamana mwambo wa maliro munthu wodzipha dala. Malamulo a mu 1983, amene tikutsata lero, adacotsa ciletso cimeneco. Timawapempherera, ndipo banja lao timalikhalira pafupi. Pamene Mulungu adafunsa Kaini za mbale wake, Kaini adakana kuti iye sali mlonda wa mbale wake, ndipo Mulungu sadalandire yankho limenelo. Kukhala mlonda kumatanthauza zinthu zooneka ndi maso. Gulani mankhwala okwanira nchito ya nthawiyo, osasunga otsala caka cathunthu. Muwatsekere m'bokosi la loko kunja kwa nyumba yogona, ndipo kiyi akhale ndi munthu wamkulu wodekha. M'nyumba mukakhala mkangano woopsa, kapena wina akayamba kunena kuti kuli bwino ndingofa, musaseke ndipo musamkalipire. Mnansi atenge botolo akalisunge kwao, ndipo wina akhale naye munthuyo usiku umenewo. Kumfunsa poyera ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizo amene analibe. Kawirikawiri kumamtsegulira khomo loti alankhule. Mphakati uliwonse ungathe kukambirana zimenezi monga umakambirana za maliro ndi za odwala.

Tsoka likagwa, mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mabanja ena amabisa wodwala poopa apolisi kapena poopa kusekedwa, nayamba kummwetsa mkaka, mafuta, madzi a mcere kapena a phulusa kuti asanze. Musatero. Kusanzitsa munthu wofooka kumalowetsa ciphe m'mapapo, ndipo ola lotayika pakhomo kapena kwa sing'anga silibwerera. Mcotseni pamalo pamene pali ciphe, mbvuleni zobvala zonyowa, msambitseni ndi madzi ambiri ndi sopo, inu mutabvala mapepala a pulasitiki m'manja. Ngati mankhwala alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Ngati wakomoka, mgonekeni cam'mbali kuti masanzi asamtsamwitse, ndipo musamuike kanthu kalikonse kukamwa. Funani njinga yamoto, ngolo kapena macira nthawi yomweyo, ngakhale wodwalayo akunena kuti akupeza bwino, pakuti ciphe cina cimayamba mwakacetecete. Pa mankhwala a organofosfeti ndi pa tameki cipatala ciri ndi jekeseni yochedwa atropina, imene imaumitsa madzi a m'mapapo ndipo yapulumutsa anthu ambiri amene adafika nthawi isanathe. Koma namwino ayenera kudziwa cimene akulimbana naco. Tengani botolo, kapepala kapena thumba limene mudali mankhwalawo, mulikulunge bwino m'pulasitiki, ndipo mukafika mukanene zoona: dzina la mankhwala, kucuruka kwake, ndi ola limene munthuyo adamwa kapena kupopera.